Mlendo wa Masana Wopanda Adiresi

Amene amati zachilendo zimayenda usiku wokha sanamve zimene zinamuonekera Felesita Kaliwo ku Limbe. Zake zonse zinachitika dzuwa lili paliwombo, m'mwezi wa Okutobala, maminibasi akuliza mahutala pansi pa zenera lake. Senderani pafupi, chifukwa nkhaniyi si yokamba mofuula.

Felesita ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yosunga mawebusaiti a anthu. Masukulu, maloji, kachipatala kena ka mano, mpingo umodzi, onsewa masamba awo a pa intaneti ankakhala m'makompyuta a kampaniyo, aja amawatcha maseva. Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati m'mawa wa ku Dedza, momwe masevawo ankang'ung'udza osapuma.

Chaka chimenecho bwana wake, a Kamwaza, anagula maseva atatu atsopano pamodzi ndi makina ena oima patsogolo pawo, otchedwa lodi balansa. Balansayo imagwira ntchito ya munthu wolandira alendo pa ukwati. Aliyense wofuna tsamba amafikira kwa iyo, ndipo iyo imamulozera: uyu ku seva yoyamba, uyu yachiwiri, uyu yachitatu, kuti pasakhale yolemedwa kuposa inzake. Pakapita masekondi asanu aliwonse imafunsanso seva iliyonse ngati ili bwino, ndipo yosayankha imaisiya kaye pambali.

Ntchito yosamutsa masamba inagwera Felesita. Seva imodzi imasunga masamba ambiri, choncho tsamba lililonse limafuna kafayilo kakekake konena dzina lake, pamene pali katundu wake, ndi satifiketi yake. Satifiketi ndi ija imachititsa kuti pa foni panu paoneke kaloko kotseka, kusonyeza kuti zimene mukulemba palibe akuzisuzumira panjira. Iye analemba timafayilo totere makumi anayi ndi kamodzi. Anali munthu wosapupuluma: kulemba, kuyesa, kumwa tiyi, kuyesanso.

Pa seva yakale anapezapo tsamba limodzi lomwe silinali pa mndandanda umene anapatsidwa. Dzina lake linali lakuti "bwato" basi, lolumikizidwa ku dzina la kampani.

"Bwana, nanga ili ndi la ndani?"

"Lisiyeni limenelo," a Kamwaza anayankha maso ali pa mapepala. "Ndi za Yowasi, uja ankagwira ntchito yanuyi inu musanabwere. Analipanga yekha. Mwini wake palibe, wolitsegula palibenso."

Felesita analisiya. Lachisanu, ntchito itatha, anazimitsa seva yakale ija, n'kuzula zingwe zake zonse, n'kuikankhira pansi pa shelefu.

Tsono balansa ili ndi kaundula wake. Imalemba mlendo aliyense: nthawi imene wafika, tsamba limene wafuna, adiresi ya kumene wachokera, ndi yankho limene walandira. Lolemba madzulo Felesita akuwerenga kaundulayo kuti aone ngati zonse zikuyenda, anaona mizere itatu yotsatizana. Masana, itangodutsa 12 koloko ndi mphindi zinayi, wina anafuna tsamba la "bwato". Balansa inamutumiza ku seva yoyamba, ndipo inayankha kuti palibe. Anafunsanso, yachiwiri inati palibe. Kachitatu, yachitatu nayo inati palibe. Kenako zii.

Chimene chinamuimitsa si kufunsako ayi. Pamalo polemba adiresi panali kamzere chabe. Pa intaneti palibe amayenda wopanda adiresi. Ngakhale mbava imabwereka ya wina. Anabwerera m'mbuyo. Lamulungu chimodzimodzi, Loweruka chimodzimodzi, nthawi yomweyo, katatu.

"Timakina toyendayenda iti," anadziuza yekha, n'kutseka kompyuta.

Lachiwiri atalowa m'kachipinda kozizira kaja anamva fungo. Silinali la waya wopsa kapena khoswe wakufa, mafungo amene ankawadziwa. Linali fungo la matope a kumtsinje, la bango limene lakhalitsa m'madzi. Anagwira pansi pa makina oziziritsa kuti mwina akudontha. Panali pouma. Koma pafupi ndi chitseko panali timchenga takuda, tosalala, tochepa ngati tomwe timagwa m'mapazi munthu akapalasa pakhomo. Anasesa n'kupitiriza ntchito.

Madzulo ake kiyi wa kachipindako anasowa. Anafufuza m'chikwama, m'madilowa, ngakhale m'kabati ya makapu. Anakamupeza pansi pa shelefu, ali pamwamba pa seva yakale ija, atagona bwinobwino pakati penipeni ngati waikidwa ndi dzanja. Iye sanakumbukire kuti anawerama pamenepo tsiku limenelo.

Potuluka pageti, mlonda anamuimitsa. Anali a Chipojola, bambo wachikulire wa imvi, amene anakhala pageti limenelo zaka zambiri kuposa wina aliyense wa m'nyumbamo.

"Madamu, mlendo wanu uja munakumana naye?"

"Mlendo uti, a Chipojola?"

"Mayi uja amabwera masana. Lero ndi kachinayi. Amaima apa, n'kunena odi, odi, odi. Ndikati lowani mayi, amati ayi, kumwambako atseka. Ndikatembenuka kuti nditenge buku asaine, ndimapeza wapita."

"Amafuna ine? Anatchula dzina langa?"

"Satchula dzina. Amangoloza zenera lanulo." A Chipojola anakanda chibwano. "Kayankhulidwe kake ndi ka kuchigwa cha Shire. Koma madamu, ine chimandidabwitsa n'chimodzi. Kutentha konseku, munthu uja sapempha madzi."

Anazinena modekha, monga munthu amene akunena za mtengo wa tomato, n'kumutsegulira geti.

Lachitatu Felesita anawaonetsa a Kamwaza mizere ya m'kaundula ija. Za fungo ndi za kiyi sananene, akanayambira pati?

"Akuba awa, akuyesa zitseko," anatero bwanayo. "Musamuyankhenso. Mutsekereni pakhomo pomwe."

Ndi ntchito ya mzere umodzi. Felesita anauza balansa kuti aliyense wofuna dzina limenelo asatumizidwe ku seva iliyonse, asayankhidwe kalikonse, angosiyidwa panja. Anayesa, zinagwira. Koma polemba mzerewo chala chake chinachedwa pang'ono pa batani, osadziwa chifukwa chake.

Lachinayi masana anali m'kachipinda kaja akukonza zingwe. Foni yake inalira kamodzi, chizindikiro chakuti seva yoyamba yasiya kuyankha. Anaiyang'ana. Timagetsi take tonse tinali tobiriwira, mafani akuzungulira. Asanaigwire n'komwe, foni inaliranso: yachiwiri. Kenako yachitatu. Balansa inkafunsa, inkafunsa, koma onse atatu anali duu, ngati ana amene aona mlendo walowa m'nyumba.

Kunja kwa chitseko mafoni a mu ofesi anayamba kulira. Tsiku limenelo sukulu ina inali itatsegula malo oti makolo alembetse ana pa intaneti, ndipo masamba onse makumi anayi ndi limodzi anali atazima nthawi imodzi. Koma m'kachipindamo phokoso la mafoni linkamveka ngati lochokera kutali. Chimene Felesita ankamva bwino chinali china, chapansipansi, kuseri kwa kung'ung'udza kwa makina: phwa, phwa, phwa, monga madzi akamawomba m'mbali mwa thabwa.

Sanathawe. Anaima chilili, chingwe chili m'manja, akumvetsera. Patatha mphindi khumi ndi imodzi phokosolo linaleka, ndipo maseva onse atatu anayankha pamodzi ngati palibe chachitika.

A Kamwaza sanali munthu wokalipa. Anangomuitana, n'kutseka chitseko.

"Mwapeza chavuta?"

"Sindinapeze, bwana. Makina onse ali bwino."

"A kusukulu aja akuti zikachitikanso mawa achoka, ndipo akachoka iwo ena atsatira. Felesita, ntchito yanu ndimaidziwa. Koma zikabwerezanso, ine ndi inu tikhala pansi tikambirane zina."

Anatsika masitepe kuti akapume mpweya wa panja. Anayenda pang'ono kulowera kumene amagulitsa nthochi, ndipo pakamlatho ka ngalande, pamthunzi wa mtengo wa jakaranda, panakhala mayi wina. Anthu ankadutsa osamuyang'ana. Chitenje chake chinali chonyowa kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo, mvula isanagwe n'kamodzi komwe mwezi umenewo.

"Mayi," anatero mayiyo Felesita atafika pafupi, mawu ake ali ofewa. "Mwatseka ndinu?"

Felesita anaima.

"Masiku enawa mumayankha kuti palibe. Lero simunayankhe n'komwe."

"Pepani," Felesita anapezeka atanena. "Mukufuna ndani kwenikweni?"

"Kalata ikafika pakhomo imawerengedwa," mayiyo anatero. Sanakalipe, sanadandaule. Anadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wotopa ndi ulendo, nakonza chitenje chake. "Takhuta," anawonjezera, kuthokoza kwa anthu a kuchigwa, n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku njanji.

Felesita anamuyang'ana mpaka lole ina inadutsa pakati pawo. Pamene mayiyo anakhala paja simenti inali yakuda ndi madzi. Pokwera masitepe anayesa kukumbukira nkhope ya mayiyo, koma sinabwere. Ankakumbukira mawu, mapazi, chitenje, nkhope ayi.

Ataweruka anafufuza nambala ya Yowasi Semba, amene tsopano ankaphunzitsa za makompyuta ku Mzuzu. Anali asanayankhulanepo. Atadzitchula dzina n'kutchula "bwato", Yowasi anafunsa modabwa.

"Likadalipo tsamba limenelo?"

"Ndinalisiya posamutsa. Achimwene, ndiuzeni, ndi la chiyani?"

Yowasi anafotokoza. Kwawo ndi ku Nsanje. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo bwato lina linagubuduzika pa Shire, padoko lina kumunsi kwa boma, lili ndi anthu makumi awiri ndi atatu ochokera kumsika. Abale ankangoyendayenda m'mphepete mwa mtsinje osadziwa wapezeka ndani. Iye ali ku Limbe, chimene akanatha kuchita chinali chimodzi: anapanga tsamba, nalembapo maina onse, ndipo akamva kuti wakuti wapezeka, wamoyo kapena ayi, ankasintha pa dzina lake.

"Onse anapezeka, chemwali, kupatula mmodzi. Kamwana ka zaka zitatu, Tereziya Alufandika. Mayi ake, a Rozina, anapezeka tsiku lachitatu, ndipo anaikidwa kumudzi. Mwanayo ayi. Ndinaikapo bokosi loti aliyense wamva kanthu alembe uthenga, uzibwera kwa ine. Sipanabwere ngakhale umodzi. Ndinadikira chaka, kenako ndinagwa mphwayi."

"Linagubuduzika nthawi yanji?"

"Masana. Amati 12 koloko itangodutsa. Bwanji kodi?"

"Ndikuuzani mawa," anatero Felesita.

Lachisanu anafika geti lisanatsegulidwe. Anakoka seva yakale ija pansi pa shelefu, naipukuta fumbi, naiyatsa payokha osailumikiza kunja. Tsambalo linali losakongoletsa: maina makumi awiri ndi atatu, zilembo zakuda pa zoyera. Pa maina makumi awiri ndi awiri panalembedwa kuti wapezeka. Pa dzina lomaliza panali pakuti sanapezeke, ndipo pansi pake: wamkazi, zaka zitatu, ali ndi chipsera cha moto paphewa lamanzere.

Kenako anatsegula kafayilo ka tsambalo, kamene Yowasi analemba mothamanga tsiku la ngoziyo. Anawerenga mzere ndi mzere monga ankachitira ndi ake. Pa mzere wonena kumene mauthenga azipita, adiresi ya Yowasi inali ndi chilembo chimodzi cholakwika. Chimodzi chokha. Uthenga uliwonse umene munthu analemba m'bokosi lija sunatuluke m'sevamo; unkangogwera m'kafoda kena n'kukhala momwemo.

M'kafodamo munali mauthenga anayi. Awiri anali mapemphero a anthu achifundo. Wachitatu unali wotsatsa malonda. Wachinayi unalembedwa patatha miyezi isanu chichitikireni ngoziyo, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chisena:

"Ine ndine Domingo, katekisiti wa tsidya lino la Mozambiki. Ndamva za tsamba ili kwa munthu wa kumsika. Asodzi a kwathu anatola mwana wamkazi m'bango tsiku lotsatira bwato lanu litamira. Ndi wamoyo. Amati dzina lake Tele. Ali ndi chipsera paphewa. Tinafunsa m'midzi ya kuno, palibe womudziwa. Akusungidwa ndi mlongo wanga Joakina. Chonde imbani nambala iyi."

Felesita anawerenga katatu. Kenako anadzuka, natuluka, nakaima pakhonde atagwira chitsulo cha masitepe.

Atabwerera sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anachotsa mzere uja wotsekera mlendo panja. Analemba kafayilo katsopano ka "bwato", nakonza chilembo cholakwika chija, nakopera tsambalo ku maseva onse atatu kuti kulikonse kumene balansa ingatumize mlendo akalipeze. Anapempha satifiketi, naiika, nayesa pa foni yake. Kaloko kanaoneka kotseka bwinobwino pamwamba pa maina aja.

A Kamwaza analowa itatsala pang'ono kukwana 12 koloko. Anaona seva yakale ili kuyaka pansi, naona zimene zinali pa kompyuta.

"Ine ndinati chiyani za tsamba limeneli?"

"Munati ndilisiye, bwana."

"Ndiye lero, tsiku limene sukulu ija ikutiyang'anitsitsa, inu mukutsegulanso zitseko zimene tinatseka?"

"Werengani kaye apa. Mukatha mundiuze nditseke, nditseka."

Bwanayo anawerama monyinyirika. Anawerenga uthengawo, nabwerera pamwamba kuona tsiku limene unalembedwa. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"Zaka zonsezi unali muno?"

"Unali muno."

"M'nyumba mwanga muno." Anakhala pa mpando wa pulasitiki umene unali pakona. Kenako anatulutsa foni yake n'kumupatsa. "Imbirani pa yangayi. Ili ndi mayunitsi okwanira kuimba kunja."

Asanaimbe, nthawi ija inakwana. Onse awiri anayang'ana kaundula. Mzere umodzi unatulukira, wopanda adiresi. Balansa inamutumiza ku seva yachitatu, ndipo sevayo inamupatsa tsamba. Panalibe kufunsa kachiwiri. Maseva anapitiriza kung'ung'udza, mafoni a mu ofesi anali chete, ndipo m'kachipindamo munkangomveka fungo la fumbi lotentha la seva yakale.

"Ndani ameneyu?" a Kamwaza anafunsa chapansipansi.

"Sindikudziwa, bwana," anayankha Felesita, ndipo bwanayo sanafunsenso.

Nambala ya a Domingo inalira nthawi yaitali, koma inayankhidwa. Anali nkhalamba ya mawu okhuthala. Atamva chimene amuimbira, anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Anati mwanayo alipo, wakula, ali sitandade 3, ndipo kumeneko amamutcha Esiperansa. Anati analemba kamodzi, nadikira, ndipo poona kuti palibe woyankha anaganiza kuti abale ake onse anathera m'madzi momwemo.

Kupeza bambo a mwanayo ndiko kunavuta. Nambala yawo imene Yowasi analemba pa tsamba inali itafa kalekale. Yowasi, amene analira pa foni ngati mwana atamva za chilembo chija, anatuma msuweni wake kuyenda m'midzi. Patatha sabata anawapeza a Zuze Alufandika akukonza njinga pansi pa mtengo pa msika wina. Poyamba anakana kumva. Anati anthu anawanamizapo kawiri, ndipo maliro a mwana wawo anawalira kale, ngakhale panalibe choika m'manda. Mpaka a Domingo atatumiza chithunzi cha phewa lija m'pamene anaika sipanala pansi.

Masiku onsewo mlendo uja ankabwerabe. Tsiku lililonse masana mzere umodzi, yankho limodzi. Felesita anazolowera kusiya tiyi wake nthawi imeneyo n'kuyang'ana, monga munthu amayang'anira mnansi akudutsa panjira.

A Zuze anali asanakwereponso bwato chiyambire tsiku la ngozi lija. Loweruka lina anakwera. Yowasi ndiye anamuuza Felesita kuti bamboyo anawoloka atatsinzina, atagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri, msuweni uja atamugwira malaya kumbuyo.

Lolemba lotsatira kaundula analibe mzere uja. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu madzulo foni ya Felesita inalira, nambala yake ya tsidya lija.

"Mayi Kaliwo? Ndine Zuze, bambo ake a Tereziya." Mawu awo anali osasa. "Ndi iyeyo, mayi. Makutu ndi a mayi ake enieni. Sakundidziwa, koma ndi iyeyo."

Anafotokoza kuti sanafune kumukwatula. Mayi Joakina anamulera zaka zisanu ndi chimodzi ngati wobala yekha, ndipo chifikireni iwo mayiyo sanadye. Akuluakulu a mbali zonse anagwirizana kuti mwanayo amalize kaye chaka cha sukulu komweko, bambo ake azibwera, kenako adzaone pamodzi. Anapempha kuti pa tsamba paja asinthe. Felesita anasintha foni ili kukhutu: wapezeka, ali moyo.

"Mwanayu akufuna akuyankhuleni," anatero a Zuze. "Ndamuuza kuti ndinu munatipezetsa."

Kunamveka kukhwekhwereza, nkhuku zikulira chapatali, kenako kupuma kwa mwana.

"Anti?"

"Ee, mwanawe. Uli bwanji?"

"Ndili bwino." Anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu a Chichewa amodziamodzi. "Bambo awa akuti inu mumadziwa kupeza anthu osowa."

"Ndinangowerenga kalata, mwanawe."

"Pali mayi ena asowa. Ndikamatsuka mbale kumtsinje madzulo, amaima m'bango n'kumandiyang'ana. Kuyambira ndili wamng'ono. Sayankhula. Ine sindiwaopa. Ndikaterereka pamatope amasendera pafupi, ndikadzuka amabwerera." Anapuma. "Chibwerereni bambowa sanabwerenso. Ndapita dzulo, ndapita lero. Mungandipezereko?"

Kumbuyo kwa mwanayo Felesita anamva a Zuze akufunsa wina kuti mwanayo akunena chiyani.

"Tereziya," anatero Felesita, "mayi amenewo sanasowe. Ayenda ulendo wautali kwambiri, ndipo atopa. Tiwasiye apume."

Mwanayo anafunsanso ndi mawu apansipansi.

"Ndiye mbale ndizitsuka ndekha?"

"Uzipita ndi bambo ako. Uwaonetse pamene pamaterera."

"Chabwino," anatero mwanayo. Kenako Felesita anamumva akuitana, mawu akutalikira, ndi dzina limene anali asanaitanepo munthu chikulireni: "Ababa! Tiyeni kumtsinje."

Foniyo anaiiwala pansi osaizimitsa. Felesita anakhala akumvetsera mapazi awiri, aakulu ndi aang'ono, akupita, mpaka kunatsala nkhuku zokha.

Nkhani ya Felesita Kaliwo ndi imeneyo. Amene ali pafupi ndi nkhuni asonkhezeko moto.